Tsiku lothandizana pa makompyuta: dzina lake likhale lotani?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu yomwe imayendetsa makompyuta ambiri a m'mashopu olembera makalata, osindikizira makadi a ukwati ndi oikira nyimbo m'mafoni. Makompyutawo sadazime tsikulo, ndipo mpaka lero akuyaka. Chomwe chidatha ndi zigamba zomwe kampaniyo inkatumiza mwezi ndi mwezi zotseka mipata yolowera mavairasi ndi akuba a pa intaneti, kupatula kwa okhawo omwe adalembetsa kuti awaonjezere kanthawi. Kampaniyo ikuti anthu asamukire ku Windows 11, koma Windows 11 imasankha. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa yatsopanoko, ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena inzake ya msinkhu womwewo. Malaputopu ambiri a kaunjika opangidwa chisanafike chaka cha 2017 atsala panja.

Kwa wamalonda nkhaniyi ndi ya ndalama. Amene ali ndi malaputopu otere pa shelefu, ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, akumana ndi kasitomala wochenjera yemwe afunse ngati katunduyo angalandire Windows 11, ndipo akamva kuti ayi, mtengo autsitsa yekha. Mwini shopu yolemba ndi kusindikiza naye waima pa mphambano. Agule kompyuta ina pamene yakaleyo ikadali yamphamvu? Aikemo Windows yobera, yomwe nthawi zina imabwera ndi mavairasi ake omwe? Kapena angopitiriza ndi yakaleyo, uku akulowetsamo mafulashi a makasitomala kuyambira m'mawa mpaka madzulo?

Njira ina ndi mapulogalamu otseguka. Awa ndi mapulogalamu omwe malangizo ake a m'kati aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha, kuwakopera ndi kugawira mnzake popanda kulipira laisensi ndiponso popanda kuswa lamulo. Lotchuka pa onse ndi Linux, yomwe Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Imalowa m'malo mwa Windows yonse. Mtundu wake wotchedwa Linux Mint umayenda ngakhale pa kompyuta ya memori ya 2 GB, ngakhale kuti 4 GB ndiyo yabwino, ndipo umabwera ndi LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Si zachilendo kwenikweni: foni iliyonse ya Android imayendera Linux pansi pake, ndipo DHIS2, pulogalamu yomwe unduna wa zaumoyo ku Malawi umasonkhanitsira malipoti a zipatala, ndi yotsegukanso.

Vuto ndi loti munthu sasamuka yekha. Mayi yemwe kompyuta yake ndiyo munda wake sangaifufute chifukwa wawerenga m'nyuzipepala kuti kuli china chabwino. Afuna munthu wokhala naye pampando, womuonetsa kuti mafomu ake akutseguka ndipo pirinta yake ikutulutsa pepala. N'chifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1990 magulu a ogwiritsa ntchito Linux m'maiko ambiri akhala akukonza masiku othandizana. Anthu amanyamula makompyuta awo kupita nawo pamalo amodzi, odziwa n'kuthandiza osadziwa mosalipiritsa. Dzina lakalekale la masiku otere ndi installfest, kutanthauza chikondwerero choika mapulogalamu. Ku Latin America chikondwererochi chidakula kukhala FLISOL, yomwe idayamba mu 2005 ndipo imachitika m'mizinda yambiri tsiku limodzi, Loweruka lachinayi la mwezi wa Epulo. Palinso Software Freedom Day, yomwe idayamba mu 2004 ndipo imachitika Loweruka lachitatu la Sepitembala.

Maina atatuwa ali ndi chilema chimodzi: amalankhula kwa munthu wotembenuka kale. Wodziwa Linux akamva installfest amadziwa choti anyamule. Wogulitsa zovala yemwe laputopu yake imatenga mphindi khumi kuti iyake samvapo kanthu. Dzinalo limalonjezanso chinthu chimodzi chokha, kuika pulogalamu, pamene masiku ano kuikako sikuvuta ngati kale. Zovuta zili pambuyo pake, monga pirinta yokana, Wi-Fi yosaoneka, kapena kalata yomwe mizere yake yasokonekera. Amene adaikiridwa Linux chaka chatha ndipo lero wakakamira akaona chikwangwani cha installfest amaganiza kuti tsikulo si lake, chonsecho ndiye wofunika thandizo kuposa onse.

Ena adatenga njira ina, yotchula vuto la munthu m'malo motchula pulogalamu. Mu Okutobala 2009 mayi Martine Postma adakonza Repair Café yoyamba ku Amsterdam. Dzinalo likungonena zinthu ziwiri zomwe aliyense amazidziwa, kukonza chowonongeka ndi kukhala pansi kumwa khofi. Lamulo lake ndi loti mwini chinthu satula katundu n'kuchoka, amakhala pompo n'kumaona kapena kugwira nawo. Lero malo otere alipo zikwi m'maiko osiyanasiyana. Ku London bungwe la The Restart Project limatcha masiku ake okonzera zamagetsi Restart Party. Ndipo Windows 10 itatsala pang'ono kutha, anthu a mapulogalamu otseguka adayambitsa kampeni yotchedwa End of 10, yolozera anthu ku malo ndi masiku komwe angathandizidwe kuika Linux. M'dzinalo mulibe mawu oti Linux. Muli nkhawa yomwe mwini kompyuta ali nayo kale.

Nkhondo ya maina idayambira pa mapulogalamu enieniwo. Richard Stallman, yemwe adayambitsa ntchito ya GNU mu 1983, adawatcha free software, koma m'Chingerezi mawu oti free amatanthauza ufulu komanso ulere, ndipo anthu ankamva ulere wokhawo. Mu 1998 mayi Christine Peterson adapereka dzina loti open source pofuna kuthawa chisokonezo chomwecho, ndipo magulu awiriwa mpaka lero sadagwirizane. A ku Latin America adapulumuka chifukwa Chisipanishi chili ndi mawu awiri, libre pa ufulu ndi gratis pa ulere. Chichewa nachonso chili ndi awiri, ndiye wolemba chikwangwani asankhe ali maso. Akalemba “ufulu” pamsika, ena ayesa msonkhano wa chipani kapena wa bungwe la za maufulu. Akalemba “makompyuta aulere” m'malo molemba “thandizo laulere”, adzapeza mzere wa anthu odzalandira makompyuta, ndipo kuwabweza sikudzakhala kophweka.

Mawu ena omwe amabwera msanga m'mutu ali ndi katundu wawo. “Maphunziro” ndi “wekishopu” adaonongeka kale: anthu amamva alawansi, botolo la Fanta ndi satifiketi, ndipo akapeza kuti palibe amachoka akunyoza. “Chikondwerero” chimaitana ana ndi ofuna zoimba. “Chipatala cha makompyuta” chimamveka bwino ndipo chimakoka odwaladi, koma chimaphunzitsa munthu kutula wodwala kwa dokotala n'kukadikira panja. Wina adzasiya laputopu pa tebulo n'kuthamangira ku benchi lake kuti adzatenge madzulo, ndipo chilichonse chosowa m'menemo mlandu udzagwera okonza mwambo. Chimakokanso a masikirini osweka ndi mabatire otupa, zomwe pulogalamu singachiritse.

“Sikelo ya makompyuta” ndi dzina loseketsa koma lili ndi nzeru yake. Kusikelo mayi sasiya mwana, amamunyamula yekha mpaka kumuyeza. Sadikira kuti mwana adwale, ndipo amadziwa kuti mwezi wamawa abweranso ndi khadi lomwelo. Zitatu zonsezi ndi zomwe tsiku lothandizana limafuna. “Dima” nalonso likunena zoona za mwambowu, poti padima anthu amagwirira ntchito limodzi m'munda mwa mnzawo osalipidwa ndalama, kungomwa thobwa, podziwa kuti mawa dima lidzakhala kwa wina. Koma achinyamata a m'tauni ambiri mawuwa sawagwiritsa ntchito, ndiye limayenera ku maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono kuposa pakati pa mzinda. Wofuna chitsanzo cha dzina logwira mtima ayang'ane banki m'khonde. A mabungwe ali ndi dzina lawo lalitali la Chingerezi la magulu amenewa, koma lomwe lidafala ndi lomwe limanena chinthucho ndi malo ake m'mawu awiri.

Pali chiyeso china chofunika kuchikana. Mtundu wina wotchuka wa Linux ndi Ubuntu, womwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adauyambitsa mu 2004, ndipo dzinalo ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi umunthu. N'zokoma kuwauza anthu zimenezi atakhala kale pansi. Koma “Tsiku la Umunthu” pa chikwangwani silinena kanthu za kompyuta, ndipo wodutsa ayesa za tchalitchi kapena za ana amasiye.

Chikwangwani chabwino chiyambe ndi dandaulo la mwini kompyuta m'mawu omwe iye amalinenera: yachedwa, yadzaza mavairasi, ikukana Windows 11. Kenako chinene kuti abwere nayo pamodzi ndi chaja ndi fulashi yake, kuti akhala nayo pompo, ndi kuti thandizo ndi laulere koma palibe chogawa. Mawu oti Linux abwere pamzere wapansi, kuti odziwa awaone adzathandize. Dzina likasankhidwa lisasinthesinthe. Lizitha kunenedwa pa foni popanda kulitchula chilembo ndi chilembo, ndipo lisakhale la shopu ya munthu mmodzi, chifukwa amalonda anzake sadzatumiza makasitomala awo ku mwambo wotsatsa mpikisano wawo.

Tsiku nalo lisatengedwe kunja mwachimbulimbuli. FLISOL ndi Software Freedom Day zimagwa Loweruka chifukwa ambiri mwa okonza ake ndi ophunzira ndi a m'maofesi omwe tsikulo amapuma. Kwa wamalonda Loweruka ndi tsiku la ndalama, ndipo kwa a Sabata ndi lopembedza. Lachisanu masana Asilamu ali ku mzikiti. Kumapeto kwa mwezi, masiku otsegulira sukulu ndi nyengo ya maukwati mashopu osindikiza amakhala pa mpanipani, ndipo palibe angalole kompyuta yake itsegulidwe m'mimba pamene makadi a chinkhoswe akudikira. Lamulungu masana, kapena tsiku lozizira malonda pakati pa sabata ndi pakati pa mwezi, ndi lomwe lingapeze eni mashopu. Maola anayi ndi okwanira, koma kulandira makompyuta kulekeke ola limodzi ndi theka nthawi yotseka isanakwane, chifukwa kompyuta yosiyidwa pakati pa ntchito ndi yoipa kuposa yosakhudzidwa.

Malo akhale otseka, a matebulo ndi masoketi ambiri, pafupi ndi msika kuti munthu asakwere minibasi atanyamula kompyuta ya pa tebulo. Kalasi ya sukulu kapena holo ya mpingo zimakwana. Tcheyamani wa msika auzidwe nthawi ikadalipo, ndipo kumudzi amfumu amve nkhaniyi kwa okonza, osati kwa odutsa. Magetsi akathima pulogalamu ili pakati polowa, kompyuta ikhoza kutsala yopanda Windows yopandanso Linux. Choncho jenereta kapena sola ya inivetala ikhalepo, malaputopu a mabatire akufa alumikizidwe kumeneko, ndipo maekisitenshoni abwere ochuluka kuposa momwe okonza akuganizira.

Za intaneti zikonzedwe dzulo lake. Fayilo ya Linux Mint ndi ya pafupifupi 3 GB, ndipo ya Ubuntu yatsopano imapitirira 5 GB. Kuikopera kamodzi n'kuiika m'mafulashi asanu kapena asanu ndi limodzi a 8 GB kumapulumutsa bandulo komanso nthawi. Pulogalamu yotchedwa Ventoy imalola kuika mitundu ingapo ya Linux mu fulashi imodzi. Komabe mtundu woikira anthu ukhale umodzi, kapena iwiri ngati pali makompyuta ofooka kwambiri. Akatswiri amakonda kukangana za mtundu wabwino, koma wamalonda akakakamira Lachiwiri amafunsa mnzake wa shopu yoyandikana, ndipo zimathandiza ngati onse awiri akuona zofanana pa sikirini. Usankhidwe wosamalidwa nthawi yaitali: Ubuntu ya LTS imalandira zigamba zaka zisanu, ndipo Linux Mint 22 idzazilandira mpaka 2029.

Pomwe mwambo wotere umafera ndi pa mafayilo a anthu. M'kompyuta ya shopu muli ma CV a makasitomala, zithunzi za maukwati, ndandanda wa angongole, nyimbo zosonkhanitsa zaka khumi. Kuika Linux pa disiki yonse kumafufuta zonsezi, ndipo sizibwerera. Choncho pakhomo pakhale tebulo loyamba lomwe ntchito yake ndi imodzi: kufunsa ngati mafayilo akoperedwa kwina, ndi kuona ndi maso kuti akutsegukadi kumeneko. Yankho loti “mulibemo zofunika” lisakhulupiriridwe msanga, chifukwa munthu amakumbukira zofunika zitapita. Ma installfest ambiri amasainitsa fomu yonena kuti mwini kompyuta wasunga mafayilo ake ndipo akudziwa kuti china chikhoza kulakwika. Fomuyo ilembedwe m'Chichewa ndipo iwerengedwe mokweza. Pa fomu yomweyo palembedwe dzina la mwini ndi nambala ya kunsi kwa kompyutayo. Wobwera ndi laputopu yomwe pasiwedi yake saidziwa, n'kumapempha kuti ingofufutidwa, abwezedwe mwaulemu. Mwambo ukangotchuka kuti umatsuka katundu wakuba, apolisi adzaupeza ndipo holo sidzabwerekedwanso.

Ubwino wa Linux ndi woti imatha kuyendera pa fulashi popanda kukhudza disiki. Munthu aiyese choncho kaye: atsegule mafayilo ake enieni, alumikize Wi-Fi, amve ngati mawu akutuluka. Mwini shopu yosindikiza abwere ndi pirinta yake, ngakhale ndi yolemera. Mapirinta ambiri a HP amagwira popanda vuto, koma a makampani ena amafuna kusakasaka madiraiva. Apa othandiza anene zoona. CorelDRAW ndi Photoshop siziyenda pa Linux mwachindunji. Inkscape ndi GIMP zimagwira ntchito zofanana, koma dzanja lozolowera CorelDRAW silisintha tsiku limodzi, ndipo mafayilo akale satseguka onse bwinobwino. Amene chakudya chake chili pa mapulogalamu amenewa asakakamizidwe. Angathe kusiya Windows pa kompyuta yojambulira, n'kuika Linux pa yolandirira mafulashi ndi yolowera pa intaneti. Wina angopita kwawo ndi LibreOffice ndi VLC pa Windows yake yomweyo, ndipo naye wathandizidwa.

Za madiraiva zili ndi nthabwala yake. Zipangizo zina za Wi-Fi zimafuna madiraiva osatseguka, zomwe a Stallman sagwirizana nazo. Mu 2019 iwo adalemba kuti pa installfest pazikhala munthu wovala ngati mdyerekezi, wokhala pambali, woti aziika madiraiva oterowo kwa owafuna. Pamsika chovala chimenecho chingabalalitse anthu kompyuta yoyamba isanayake. Wothandiza angofotokoza kusiyana kwake, mwini kompyuta n'kusankha.

Pali anthu ena omwe okonza amawaiwala: anyamata omwe amadya poika Windows ndi kuchotsa mavairasi pamalipiro. Kwa iwo tsiku la thandizo laulere lingaoneke ngati kuwalanda nsima pakamwa, ndipo ndi iwo omwe makasitomala adzawafunse mawa ngati Linux ndi yabwino. Akasiyidwa panja adzayankha kuti ndi yachabe, n'kubwezeretsa Windows yobera pamtengo. Aitanidwe poyambirira, ngati othandiza, ndipo aphunzitsidwe sabata imodzi tsikulo lisanafike. Malire akhale omveka: patsikulo palibe kulipiritsa ndipo palibe kuika mapulogalamu obera, koma aliyense aloledwe kusiya nambala yake pa bolodi kuti wofuna thandizo pambuyo pake amupeze ku shopu n'kulipira. Wogulitsa mafulashi, memori ndi ma SSD apatsidwe tebulo lake pakhonde, mitengo italembedwa poyera. Kompyuta yakale ikaikidwa SSD m'malo mwa disiki yozungulira imathamanga moonekeratu, ndiye malonda amenewo adzayenda. Gawo la phindu lake, kapena mbale ya chopereka pakhomo, lingalipire mafuta a jenereta.

Wothandiza mmodzi asapatsidwe makompyuta oposa awiri nthawi imodzi, ndipo mausi ikhale m'dzanja la mwini kompyuta ngakhale akuchedwa. Mnyamata wolanda kiyibodi n'kulemba mofulumira pa sikirini yakuda amaoneka katswiri, koma mwini shopu amatuluka osadziwa ngakhale pozimitsira. Munthu wa msinkhu wa bambo ake amuyankhule ndi ulemu wake, osamuseka akafunsa kawiri. Asanachoke, aliyense alembe yekha pasiwedi yake papepala, asindikize kalata imodzi, ndipo aone pomwe zigamba zimalowera.

Mafunso enieni amabwera patatha sabata ziwiri, kasitomala akabweretsa fayilo yachilendo kapena foni yokana kulumikizika. Ena mwa ogwiritsa ntchito Ubuntu amakhala ndi kachizolowezi kotchedwa Ubuntu Hour, kokumana ola limodzi pamalo odziwika popanda mwambo uliwonse, wofunsa n'kubwera. Pamsika izi zingakhale ola limodzi pa mwezi mu shopu ya mmodzi wa othandiza, mosinthana, pamodzi ndi gulu la WhatsApp la omwe adaikiridwa. Deti la kukumana kotsatira lisadikire kuti okonza apume kaye. Lilembedwe pansi pa fomu yomwe munthu wasaina, pansi pa dzina lomwe lija la pa chikwangwani, ndipo apite nalo kwawo pamodzi ndi kompyuta yake.